Kapinga wa a Osaponda

Mumsewu monse munalibe amene ankawatchula dzina lawo lenileni. Anayamba ndi ana, akuluakulu n'kutengera, mpaka ngakhale wowerenga mita ya madzi ankafika pageti n'kufunsa ngati a Osaponda alipo. Dzinalo linachokera pa mawu amene bamboyo ankalonjera nawo aliyense wolowa pakhomo pake, asanafunse n'komwe za moyo. Kutsogolo kwa nyumba kunali kapinga, kamalo koti mutayala mikeka ingapo katha, koma wosamalidwa kuposa khanda lobadwa masiku asanakwane. Kuchokera pageti kukafika pakhonde panali kanjira ka njerwa kozungulira m'mphepete, ndipo aliyense ankadutsa mmenemo, kaya ndi mlendo, kaya wasenza katundu, kaya mvula ikugwa. Bambo okha ndi amene ankaponda pakapingapo, tsiku lomumeta basi, opanda nsapato, akuyenda chobwerera m'mbuyo kuti asasiye mapazi. Ana awo anakula akusewera mpira pafumbi kumsewu.

Mayi a m'nyumbamo, amene ntchito yawo inali yosoka zovala, anali atasiya kalekale kulimbana naye kapingayo. Ankamutcha mkazi mnzawo. Iye ndi amene ankayamba kuzondedwa m'mawa, iye ndi amene ankamwa madzi ngakhale mwezi umene mpopi unkangodontha, ndipo akangosintha mtundu pang'ono bambo ankasiya chakudya m'mbale. Mayi akadwala ankauzidwa kuti amwe mapilitsi agone.

Ndiye tsiku lina m'mawa bambo anagwa m'bafa. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anabwerako dzanja ndi mwendo wakumanzere zili lendelende, pakamwa patapotoka, mawu atatsala owerengeka. Ankatha kunena kuti madzi. Ankatha kunena kuti ayi, ndipo ameneyu ankatuluka bwino kwambiri. Mawu oti zikomo anapita ndi matenda, ngakhale mayi akakhala pansi n'kuganiza bwino sankakumbuka ngati analipo kale. Koma liwu limodzi linapulumuka lonse lathunthu, ndipo ndi limene linkawalandira mayi m'mawa uliwonse akamalowa ndi beseni la madzi ofunda.

"Kapinga?"

"Ali bwino, abambo. Kwezani dzanja ndikupukuteni."

Tsiku la mayi linkayamba ndi kutembenuza munthu. Bambo anali munthu wathupi, ndipo matenda anawachotsera mphamvu koma kulemera anawasiyira. Kuwadzutsa, kuwasambitsa, kusintha zofunda, kuwadyetsa ndi supuni theka likutayikira pathaulo, kuwanyamula kuwaika pachikuku, kuwatsitsa, kuchapa, kuyanika. Makina osokera anawasamutsira pakolido kuti azimva bambo akagogoda kapu pampando, ndipo kapuyo inkagogoda nthawi yeniyeni imene singano yangolowa pakolala. Makasitomala ena anatopa n'kudikira, anabwera kudzatenga nsalu zawo zosasoka, akupepesa kwambiri. Msana wa mayi unayamba kulankhula. Poyamba unkangong'ung'udza madzulo, kenako unafika poti akawerama kutola ulusi ankayamba aima kaye n'kuganiza ngati ulusiwo ukufunikadi.

Pamwamba pa zonsezi panali mkazi mnzawo uja. Mayi ankamuthirira m'mawa ndi madzulo, ataima pakanjira ka njerwa, paipi m'manja, chala chili pakamwa pa paipiyo kuti madzi afike pakati. Sankamukonda, koma sankafuna kuti adzafere m'manja mwawo. Chimodzi chokha chimene anathokoza n'chakuti chidwalire bambo kapingayo anachita ngati wasiya kukula, moti panalibe zometa. Anaganiza kuti ndi nyengo chabe.

Kunkabwera mtsikana wina wa kuchipatala wophunzitsa mafizo olimbitsa ziwalo zofooka, wamfupi, wamawu ambiri, wa manja olimba ngati a munthu wokanda buledi. Iyeyu anawauza mayi poyera kukhitchini kuti mwendo wa bambo sunafe, wangogona. Anati pali nyengo imene mwendo wotere umadzutsika, ndipo nyengoyo ikadutsa umauma mmene ulilimo, munthu n'kukhala wa pabedi mpaka kalekale. Anawayang'ana mayi mmene anagwirira m'chiuno, n'kuwonjezera kuti zikatero odwala m'nyumba muno adzakhala awiri.

Vuto linali loti bambo anayesapo kamodzi. Anaimirira pakolido ndi ndodo ya miyendo inayi imene mtsikanayo anabweretsa, anasuntha phazi, simenti yopolishidwa n'kuwapereka. Anamenyetsa chiuno pansi, ndipo chiyambire tsiku limenelo ndodo ikangoonekera pakhomo la chipinda yankho linali ayi. Mtsikanayo anayesa kunyengerera, anayesa kukalipa. Tsiku lina anasuzumira pawindo n'kunena kuti koma pali malo abwino panja apo, pofewa, poti ngakhale munthu atagwa sangavulale. Bambo anamuyang'ana ndi diso lakumanja, kenako anatulutsa liwu limene anali asanalinenepo chibwerere kuchipatala.

"Osaponda."

Mtsikanayo anawomba m'manja kuti taonani mawu akubwerera. Mayi sanaseke. Ndodo ija inatulutsidwa pakhonde, ndipo popeza inali pamalo owomba dzuwa, mayi anayamba kuyanikapo tinsanza ta kukhitchini.

Apa n'kuti kapinga atayamba kusintha. Chinayamba ndi kachigamba kachikasu pafupi ndi geti. Mayi anati ndi ludzu, anawonjezera madzi. Kachigambako kanabala ana, ena pakati, ena kufupi ndi khonde, chikasu chija n'kusanduka mtundu wa chiguduli. Mayi anawonjezeranso madzi, mpaka ankasiya paipi ikuthira iwo akudyetsa bambo. Kenako anabwera akhwangwala. Ankatera m'mawa n'kumajompha pansi, kuzula timitolo ta udzu n'kutaya pambali, ngati anthu olembedwa ganyu. Bambo ankadana ndi akhwangwala chibadwire, ndipo akangomva kulira kwawo kapu inkagogoda mosalekeza mpaka mayi atuluke ndi tsache. Ankatuluka, kuthamanga chozungulira pakanjira ka njerwa, mayi wamkulu ndi imvi zake, akuopseza mbalame zimene zinkangosuntha pang'ono kupita pakati pomwe zinkadziwa kuti tsache silifika.

Katani ya kuchipinda mayi anaitseka. Anati dzuwa likuwapweteka bambo m'maso. M'mawa uliwonse funso linali lomwe lija ndipo yankho linali lomwe lija, kungoti tsopano mayi ankayankha akuyang'ana m'beseni.

Mwana wawo wamkazi, amene ankagwira ntchito kutali, ankaimba foni kawirikawiri. Atamva za kapinga anaseka kuseka kosakoma, nati angothirapo simenti basi, chikuku chiziyenda bwino. Anati iye sangalire maliro a udzu umene anakwapulidwirapo chifukwa chotola mpira. Koma atamva mmene mayi ake anapumira pafonipo anafewa, n'kuwauza kuti apite kusitolo ya zaulimi akafunse, mwina ndi matenda oti ali ndi mankhwala. Sabata yomweyo mtsikana wa mafizo ananena kuti ali ndi odwala ena amene akufuna kuyenda, ndipo ngati bambo sasintha maganizo mwezi uno, iye asiya kubwera. Sananene mwamwano. Nayenso ankaoneka wotopa.

Mayi anasankha masana amene bambo anagona atadya. Anapempha mayi woyandikana nawo nyumba kuti azimvetsera kapu, anavala nsapato zimene zinali zitayamba kuwathina chifukwa cha kutupa kwa mapazi, n'kupita.

M'sitolomo munkanunkha feteleza. Mashelefu anali odzaza timabotolo tokhala ndi zithunzi za tizilombo, ndipo kuseri kwa kauntala kunali mayi wina wonenepa, magalasi ali pamphuno, akumanga timapaketi ta mbewu ndi labala. Anamvetsera nkhani yonse osasiya ntchito yake. Anafunsa ngati zigambazo zikukula, anafunsa za madzi, ndipo atamva za akhwangwala anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva dzina la m'bale wake wovuta.

"Nanga mukamuponda akumveka bwanji, mayi? Akulimba, kapena phazi likulowa ngati mwaponda matiresi akale?"

"Sindinamuponde."

"Sabata ino?"

"Chikwatiwire."

Wogulitsayo anayamba kuseka, koma atakweza maso n'kuona nkhope ya mayi anasiya, n'kuika pansi timapaketi tija. Anafotokoza pang'onopang'ono. Anati tizikumbu tabulauni tija timazungulira getsi la pakhonde timaikira mazira m'nthaka yonyowa, ndipo m'mazirawo mumatuluka mphutsi zoyera, zonenepa, zopindika ngati chala. Mphutsizo sizidya masamba, zimadya mizu, pansi, mwakachetechete. Pamwamba udzu umakhala ukuonekabe bwino, kungosiya kukula, pamene pansi watha kale. Munthu akaona chikasu amati ndi ludzu n'kumathira madzi, osadziwa kuti akufewetsera mphutsi nthaka. Akhwangwala aja sanabwere kudzaononga, anabwera kudzadya mphutsizo. Anati matendawa diso limawaona mochedwa, limayamba kudziwa ndi phazi, chifukwa kapinga wodyedwa mizu amanyema munthu akamuponda. Akanakhala kuti wina anayendapo miyezi yapitayo, mankhwala akanathandiza.

Mayi anafunsa kuti nanga tsopano. Wogulitsayo anati akafike akamugwire ndi dzanja n'kukoka. Akakana kuzuka, chiyembekezo chilipo. Akayalulika ngati mkeka, ndiye kuti palibenso choti n'kupulumutsa, kwatsala kupalapo, kusiyira mbalame zimalize ntchito yake, n'kudzadzala wina mvula ikayamba. Mayi anagula kabotolo kamodzi ndithu, chifukwa anachita manyazi kutuluka chimanjamanja munthu atawafotokozera zonsezo.

Pobwerera anayenda pang'onopang'ono. Ankaganiza za madzi onse amene anathira, msana ukuwawa, ndi mmene ankathamangira ndi tsache. Miyezi yonseyi anakhala akudyetsa mphutsi n'kumazipirikitsira adani ake. Zinawapweteka, koma analibe mphamvu zokwiyira. Ankangofuna kukafika, kuvula nsapato, n'kukhala pansi.

Atatsegula geti anaima. Bambo anali pakhonde, pachikuku, bulangete lili pamiyendo. Mayi woyandikana nawo uja anali pambali, nkhope yowala ngati munthu amene wachita chinthu chabwino. Anati bambo anadzuka msanga, ndiye iye anaona kuti munthu sangamangokhala mumdima, anatsegula katani n'kuwatulutsa kuti awothereko dzuwa. Ali mkati molankhula anaona kumene bambo ankayang'ana, anaonanso nkhope ya mnzake, n'kukumbukira mwadzidzidzi kuti wasiya mphika pamoto.

Anatsala awiri, wina pageti, wina pakhonde, pakati pawo pali chinthu chija. Dzuwa la madzulo silinabise kanthu. Zobiriwira zinatsala m'mphepete mokha. Pakati ponse panali pofiirira, pokumbikakumbika, timitolo ta udzu tili mbwee. Bambo sanawayang'ane mayi. Maso awo anali pakapinga.

Mayi anayang'ana kanjira ka njerwa, mmene kankapitira kumanzere, kutsata mpanda, kukhota pakona, n'kubwerera kukafika pakhonde. Anali atayenda mmenemo ali ndi pakati, atasenza ndowa, atabereka mwana wodwala. Tsiku limenelo kanjirako kanawatalikira. Kuchokera pomwe anaima kukafika pakhonde molunjika panali pafupi kwambiri, ndipo anadabwa kuti zaka zonsezi anali asanaonepo kuti ndi pafupi chonchi. Anawerama movutikira, anavula nsapato, anazigwira m'manja limodzi ndi chikwama, n'kuponda.

Phazi linalowa. Zinali ndendende mmene ananenera wogulitsa uja, ngati matiresi akale. Pansi panali ponyowa ndiponso pozizirira, ndipo mapazi otupa aja analandira ngati mankhwala. Anayenda mpaka pakati. Pamenepo miyendo inakana kupitirira, ndipo mayi anangokhala pansi, n'kutambalala.

"Osaponda," anatero bambo.

Mayi anamva. Anaika nsapato pambali.

"Osaponda."

Ulendo uno linatuluka mwamphamvu, liwu lakale lija limene linkabalalitsa ana a mumsewu. Mayi anayang'ana zala za kumapazi kwawo. Sikuti ankachita mwano, ndipo panalibe chimene ankafuna kuwaphunzitsa bambo. Anali atatopa basi, ndipo apa panali pofewa.

Kapu inali itatsala kuchipinda, ndiye bambo anamenya chikuku ndi chikhatho. Anamenyanso. Kenako mayi anamva chitsulo chikukhulika pasimenti. Atakweza maso anaona tinsanza ta kukhitchini tili pansi, ndodo ya miyendo inayi ili m'dzanja lamanja la bambo. Bulangete linagwa. Bambo anakankha thupi kutsogolo, linabwerera. Anakankhanso, mitsempha ya m'khosi itatuluka, n'kuimirira, akugwedera ngati mtengo wodulidwa theka.

Thupi lonse la mayi linafuna kuthamanga kukawagwira, monga linazolowera. Koma msana sunalole kudzuka msanga, ndipo m'kanthawi kameneko mayi anaona chimene chikuchitika, n'kukhala pomwepo. Khonde linali lofanana ndi pansi, panalibe sitepe. Bambo anaika ndodo pakapinga, miyendo yake inayi n'kumira. Anaponda ndi phazi lamanja. Kenako anakoka lamanzere, lija logona, ndipo linabwera likukwekwereza pansi. Pomwe linadutsa kapinga anang'ambika n'kupindika ngati mkeka, nthaka yakuda n'kuonekera.

Bambo sanayang'ane pansi. Maso anali pa mayi, odzaza ukali, ndipo ukaliwo ndi umene unkawanyamula. Ndodo, phazi lamanja, kukoka. Ndodo, phazi lamanja, kukoka. Thukuta linatsika m'masaya. Mayi anamva kupuma kwawo kukuyandikira, pamodzi ndi phokoso la udzu ukung'ambika. Atafika poti akanatha kuwagwira paphewa, bambo anatsegula pakamwa kuti anenenso liwu lija, koma maondo anapinda, ndipo thupi lonse lolemera lija linatsikira pansi cham'mbali. Silinamveke n'komwe. Kapinga anawalandira bwinobwino.

Anakhala choncho kwa kanthawi, bambo akupuma mwawefuwefu. Mayi anawathandiza kukhala tsonga. Pamenepo m'pamene bambo anaona mzere umene phazi lawo linasiya kuchokera pakhonde. M'nthaka yakudayo munali mphutsi, zoyera, zonenepa, zikudzipinda chifukwa cha kuwala, zambiri moti munthu sakanaika chikhatho pansi osakhudza imodzi. Bambo anagwira kapinga wa pafupi ndi bondo lawo n'kukoka pang'ono. Anayalulika wonse, wopanda muzu ndi umodzi womwe. Anatola mphutsi imodzi n'kuiyang'ana nthawi yaitali ili m'chikhatho.

"Liti?" anafunsa.

"Sindikudziwa, abambo. Akuti limayamba kudziwa ndi phazi. Nanga pakhomo pano linalipo phazi lololedwa?"

Sananene mokweza. Bambo anatembenuza chikhatho, mphutsi n'kugwa. Misozi inayamba kutuluka m'diso lakumanja, lakumanzere lili gwa. Mayi anali asanawaonepo akulira, ngakhale kuchipatala, ndipo zinawapweteka kuti misozi yoyamba yapita kwa mkazi mnzawo. Komabe anawamvera chisoni. Anatenga nsonga ya bulauzi yawo n'kuwapukuta, monga ankawapukutira chakudya pachibwano.

Khwangwala mmodzi anatera pamzere uja, anayang'ana anthu awiriwo cham'mbali, n'kuyamba kujompha. Anabweranso wina. Dzanja la bambo linanyamuka lokha kuti liwapirikitse, linaima m'malere, kenako linatsika n'kukhala pabondo.

Dzuwa linazimirira kuseri kwa nyumba ya oyandikana nawo, ndipo chinyontho chinayamba kulowa m'zovala. Bambo anayang'ana chikuku pakhonde. Anakweza mkono wamanja, chigongono kunja, mmene ankachitira nthawi zonse akafuna kuti mayi alowetse phewa awanyamule. Mayi anauyang'ana mkonowo. Anayang'ananso mzere wakuda uja, kutalika kwake konse, kuchokera pomwe anakhala kukafika pasimenti ya khonde.

"Kudzutsa ndikudzutsani," anatero, "koma kuyenda muyenda nokha. Mwabwera nokha."

Bambo anatembenuka n'kuuyang'ananso mzerewo, ngati kuti akuuona koyamba. Anayang'ana phazi lawo lamanzere, lodzaza matope ndi udzu wouma. Sananene kuti ayi.

"Koma mundidikire kaye," anatero mayi. "Ndikhaleko pang'ono. Sindinkadziwa kuti ndi wofewa chonchi."

Anakankhira chikwama pambali, kabotolo kaja kakugubuduka mkati, n'kugona chagada, msana wonse pansi, maso otseka. Mkono wa bambo unatsika pang'onopang'ono, ndipo anadikira.